Liwu limodzi la Chingerezi, abale asanu a ku Punjab

Sabata zingapo zapitazo tinkawerenga mbiri ya Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) ndi ophunzira a Fomu 3. Tinapempha mmodzi kuti atimasulire ndime ina kuchoka m'buku la Chingerezi, ndipo sanachedwe: "Agogo ake atamwalira, analeredwa ndi amalume ake, Abu Talib." Kalasi yonse inagwedeza mitu. Bukulo linalemba kuti "uncle", ndipo ambirife tinachoka ku pulayimale tikudziwa kuti "uncle" ndi malume. Komatu Abu Talib sanali mlongo wawo wa mayi Amina. Anali mchimwene wa Abdullah, bambo ake a Mtumiki, bere limodzi. Mwanayu Chingerezi sanachiphonye ayi. Chingerezicho ndicho chinamubisira kanthu.

Nkhaniyi sinatichoke m'mutu. Pali anthu ena amene akhala ndi liwu limeneli nthawi yaitali kuposa ife, ndipo chinenero chawo chimasamala za ubale mwina kuposa chathu. Amenewa ndi Apunjabi. Mmene iwo analandirira "uncle", ndi ntchito imene analipatsa, zimaonetsa bwino chimene liwuli limanena ndi chimene limasiya osanena.

Dzina loti Punjab ndi la Chiperisiya, tanthauzo lake madzi asanu, kunena mitsinje ya Jhelum, Chenab, Ravi, Beas ndi Sutlej. Angerezi analanda dera limeneli mu 1849, ndipo pochoka mu 1947 linadulidwa pakati: Lahore inagwera ku Pakistan, Amritsar ku India, chonsecho mizinda iwiriyi yatalikirana makilomita pafupifupi 50 okha. Olankhula Chipunjabi ndi oposa 100 miliyoni. A ku Pakistan, amene ambiri ndi Asilamu, amachilemba ndi zilembo za Shahmukhi zochokera ku Chiarabu ndi Chiperisiya, pomwe a ku India, Asikh ndi Ahindu, amalemba ndi Gurmukhi. Ambiri anasamukira kunja. Kalembera wa mu 2021 ku England ndi Wales anapeza anthu pafupifupi 290,000 amene Chipunjabi ndicho chinenero chawo chachikulu. Tisawasokoneze ndi Amwenye a m'matauni athu, amene ambiri makolo awo anachokera ku Gujarat, ngakhale kuti asilikali a Chisikh ochokera ku Punjab anafika kuno m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston.

Mwana wa ku Faisalabad kapena ku Ludhiana akatsegula dikishonale kufuna "uncle", sapeza liwu limodzi. Amapeza asanu. Mchimwene wa bambo amene ndi wamkulu kuposa bambowo ndi taya, ndipo mkazi wake ndi tai. Mng'ono wa bambo ndi chacha, mkazi wake chachi. Apa ife sitingadabwe, pakuti ndi omwe timati bambo aakulu ndi bambo aang'ono. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timawatcha onse bambo, pomwe Apunjabi aliyense anamupatsa dzina lakelake. Maina awiriwa salemera mofanana. Taya ndi munthu amene bambo ako omwe amatsitsa mawu akamalankhula naye, ndipo agogo akamwalira iye ndiye amakhala mutu wa banja. Chacha nthawi zambiri ndi wachinyamata, amene amakukweza panjinga, kukugulira maswiti, n'kukubisira mlandu kwa bambo ako.

Wachitatu ndi amene amaseketsa ophunzira athu nthawi zonse. Mlongo wawo wa mayi ako, amene ife timati malume kapena atsibweni, m'Chipunjabi ndi mama. Inde, mama ndi mwamuna, wandevu zake, ndipo mkazi wake ndi mami. Musaseke kwambiri, poti "malume" wathuyu naye akaphwanyidwa amatanthauza mayi wamwamuna.

Awiri otsalawo si a magazi, analowa m'banja ndi ukwati. Mlongo wa bambo, azakhali athu, ndi bhua, ndipo mabanja ambiri a Chisilamu amati phuphi kapena phupho. Mwamuna wake ndi phuphar. Mchemwali wa mayi ndi masi, mwamuna wake ndi masar. Asilamu ambiri, makamaka a m'tauni, m'malo mwa masi ndi masar amati khala ndi khalu, mawu amene anachokera ku Chiarabu kudzera m'Chiurdu. Tikangodutsa pang'ono: bhua amalembedwa ndi "bh" koma pakamwa pa Mpunjabi amamveka ngati "pua", mawu atatsitsidwa. Chipunjabi chimasiyanitsa mawu ndi kakwezedwe kapena katsitsidwe kake, monga momwe ife timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika.

N'chifukwa chiyani maina onsewa? Yankho lili m'mudzi, umene iwo amati pind. Ku Punjab mkazi akakwatiwa amapita kwa mwamuna, chitengwa chenicheni. Chikamwini chilipo koma n'chosowa, ndipo mkamwini wotero, ghar jawai, anthu amamuseka. Choncho mwana amakulira kwa bambo ake, ku dadke, bwalo limodzi ndi taya, chacha ndi ana awo. Minda ya tirigu ndi mpunga imagawidwa pakati pa abale aamuna amenewa, ndipo pomwe pali kugawana munda pali mikangano ya malire, ya madzi othirira, ya amene watenga mbali yachonde. Abale a ku chimuna amene amagawana nawe nthaka amatchedwa sharik, gulu lawo sharika. Amene munadutsa ku madrasa mwalizindikira liwuli: ndi la Chiarabu, la munthu wogawana naye chinthu, tsinde limodzi ndi shirk. Pakamwa pa Apunjabi linatenga fungo la mpikisano, moti kunena kuti "sharik" nthawi zina kumamveka ngati kunena kuti mdani wa m'nyumba. Filimu ya Chipunjabi ya mu 2015 yotchedwa Shareek inaima pa nkhani yomweyi, abale kuthana chifukwa cha munda.

Mama alibe nawo mbali mumkangano umenewo. Amakhala kutali, ku nanke, kwawo kwa mayi, kumene ana amapita pa holide kukadyetsedwa ndi kusasatitsidwa. Pa munda wa bambo ako sayembekezera kanthu, koma pa iwe ali ndi ngongole. Mwana wa mlongo wake akamakwatira kapena kukwatiwa, a ku nanke amabwera ndi katundu wa zovala, ziwiya ndi zodzikongoletsera, mphatso zotchedwa nanki chhak, ndipo mudzi wonse umaona kuchuluka kwake. Pakati pa Asikh ndi Ahindu, mama ndiye amaveka mkwatibwi zibangili zofiira ndi zoyera zotchedwa chura. Phuphar naye ali ndi mbiri yake. Ndi mkamwini wakale wa pabanjapo, amene ayenera kulandiridwa mwaulemu, ndipo nthabwala za ku Punjab zimamujambula ngati munthu wosachedwa kunyanyala paukwati chifukwa sanapatsidwe mpando wabwino. Mu 2021 kunatuluka filimu yoseketsa ya Fuffad Ji, mutu wake dzina lomwelo.

Munthu wokulira m'dongosolo lotere akamva Mngerezi akuti "my uncle", amaona ngati nkhani yadulidwa pakati. Uti? Wa kwa bambo kapena wa kwa mayi, wamagazi kapena wokwatira? Ngakhale mbali inayo ndi chimodzimodzi: amene Chingerezi chimamutcha "nephew", kwa Mpunjabi ndi bhatija akakhala mwana wa mchimwene, koma bhanja akakhala mwana wa mlongo.

Chodabwitsa n'chakuti Chingerezi nacho chinali ndi maso amenewa kale. M'Chingerezi chamakedzana mlongo wa mayi anali "eam", mchimwene wa bambo "faedera". Anthu a ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, mawu ambiri a Chifalansa analowa, ndipo "oncle" anadzakankha onse awiri. Liwu la Chifalansalo linachokera ku Chilatini "avunculus", limene kwa Aroma linkatanthauza mlongo wa mayi yekha basi, pakuti mchimwene wa bambo ankamutcha "patruus". Ndiye kuti wophunzira wathu uja, ponena kuti malume, anabwezera liwulo kwa Aroma osadziwa. "Aunt" nalo linachokera ku "amita", amene anali azakhali okha. Lero malamulo a ku England okhudza munthu womwalira osasiya wilo amawerenga abale a bambo ndi abale a mayi mofanana, choncho Mngerezi alibe chomukakamiza kuwasiyanitsa tsiku ndi tsiku. Akafunitsitsa amawonjezera mawu: "paternal uncle", "maternal uncle", "uncle by marriage". Ophunzira, mawu atatuwa muwasunge, adzakuthandizani polemba chimangirizo.

Tsono Apunjabi anachita chiyani ndi liwu losasiyanitsali? Sanalikane. Analitenga, amalitchula "ankal", ndipo amalilemba m'zilembo zawo zonse ziwiri. Koma analipatsa ntchito imene mwini wake sanaiganizire kwenikweni: linakhala dzina la munthu amene si m'bale. Bambo ake a mnzako wa kusukulu, woyandikana naye nyumba, mnzawo wa bambo ako wa kuntchito, dokotala wa banja, mwini golosale, onsewa ndi "uncle". M'nyumba imene Chipunjabi chikadali champhamvu, mwana amene angatche taya wake weniweni "uncle" amadzudzulidwa, chifukwa zikumveka ngati wamutulutsa m'banja n'kumuika pamsewu. Liwu limene kwa Mngerezi limanena za magazi, kwa Mpunjabi limanena kuti magazi palibe.

Tikaganiza bwino, linadzaza mpata umene unalipodi. Mwana wa Chipunjabi, monga mwana wathu, sangatchule munthu wamkulu dzina lake lokha. Koma kumutcha mama ndiye kuti wamupanga mlongo wa mayi ako, kumutcha chacha wamupanga mng'ono wa bambo ako, ndipo maina amenewa amabwera ndi udindo. "Uncle" amapereka ulemu osapereka udindo. Salowanso m'chipembedzo: masi ndi khala, bhua ndi phuphi, amaulula nyumba imene munthu wachokera, pomwe "uncle" ndi "aunty" amakwana Msikh, Mhindu, Msilamu ndi Mkhristu, chinthu chothandiza m'madera ngati Southall kapena Birmingham kumene onsewa amagula mumsika umodzi.

Liwuli analiveka zovala za kwawo. Amaliphatikiza ndi "ji", kamawu kaulemu komwe amaika pa chacha ji ndi mama ji, n'kukhala "uncle ji". Kawirikawiri dzina la munthu limabwera patsogolo, "uncle" pambuyo, kutembenuza dongosolo la Chingerezi. Mneni wake amakhala wochulukitsa mwaulemu, monga ife timanenera kuti "abwera" pokamba za munthu mmodzi. Koma pali pena pamene limaonekera kuti ndi mlendo: chacha amasintha kukhala "chache da ghar", nyumba ya chacha, mama kukhala "mame da pind", mudzi wa mama, pomwe "uncle da ghar" sasintha kanthu.

Pali zinthu ziwiri zimene wophunzira chinenerochi amapunthwa nazo. Choyamba ndi msinkhu. Mwamuna wa zaka 30 ukamutcha "uncle" wamukalambitsa, ndipo akhoza kukuyang'ana moipa. Woyenera ndi "bha ji", achimwene, amene amamveka ngati "paji" chifukwa cha katsitsidwe ka mawu kaja. Chachiwiri sichitisangalatsa kwenikweni. M'mizinda ngati Lahore, mkulu wosadziwika amene wavala suti n'kutsika m'galimoto amatchedwa "uncle", koma mkulu wa msinkhu womwewo woyendetsa rikisho kapena wolondera pageti amatchedwa "chacha". Liwu la Chingerezi lasanduka la ophunzira ndi achuma, la makolo latsalira osauka. Komabe "chacha" wa pamsewu ali ndi chikondi chimene "uncle" alibe. Mkulu wa ndevu zoyera wa ku Sialkot, Chaudhry Abdul Jalil, amene wakhala akutsatira timu ya kiriketi ya Pakistan kwa zaka zambiri atavala zobiriwira, dziko lonse limamudziwa kuti Chacha Cricket. Palibe angaganize zomutcha Uncle Cricket.

Omasulira mabuku ndi mafilimu ndiwo amatuluka thukuta, poti iwo sangathawe, ayenera kusankha limodzi mwa asanu aja. Scar wa mu The Lion King ndi mng'ono wa Mufasa, ndiye kwa Simba ndi chacha, ndipo Mpunjabi aliyense amamva msanga kuti nkhani yake ndi ya sharika. Uncle Vernon wa m'mabuku a Harry Potter ndi mwamuna wa mchemwali wa mayi ake a Harry, ndiye ndi masar, munthu wopanda magazi ndi mwanayo, ndipo nkhanza zake zimamveka mwina mukadziwa zimenezi. Nanga Uncle Sam, dzina limene limaimira boma la America? Iyeyu si m'bale wa aliyense. Mlembi Saadat Hasan Manto, wobadwira ku Punjab mu 1912 n'kumwalira ku Lahore mu 1955, analemba makalata 9 achipongwe kwa Uncle Sam pakati pa 1951 ndi 1954. Analemba m'Chiurdu, chimene pa liwu ili chimafanana ndi Chipunjabi, ndipo anasankha Chacha Sam, iye n'kudziika pamalo a bhatija wosauka wopempha kwa m'bale wolemera.

Ku Britain ndi ku Canada zinthu zikutembenukanso. Ana obadwira kumeneko, amene Chingerezi ndicho chimabwera msanga pakamwa, ambiri ayamba kutcha onse "uncle", a magazi ndi a pamsewu omwe. Kwa mabanja a Chisilamu apa nkhani imaposa ya chinenero, ndipo makolo ndi a komiti ya mzikiti tikupempha mumvetsere.

Chiarabu chimasiyanitsa 'amm, mchimwene wa bambo, ndi khal, mlongo wa mayi, komanso 'amma ndi khala. Qur'an imawatchula anayiwa payekhapayekha, mwachitsanzo mu Surat An-Nur ndime 61. Surat An-Nisa ndime 23 imaletsa mwamuna kukwatira mwana wa mchimwene wake kapena wa mlongo wake. Potero mwa anthu asanu aja, taya, chacha ndi mama ndi mahram kwa mtsikana mpaka kalekale. Phuphar ndi masar si mahram. N'zoona kuti mwamuna saloledwa kuphatikiza mkazi ndi mwana wa m'bale wa mkaziyo pa mitala, koma chiletso chimenecho n'cha kanthawi, chimatha ukwati ukatha, ndipo malamulo a kavalidwe ndi a kukhala awiriwiri amagwirabe ntchito. Kwa mnyamata ndi chimodzimodzi: bhua ndi masi ndi mahram, koma tai, chachi ndi mami ayi. Atatu a magazi aja nawonso sali pamzere umodzi. Pa chuma cha masiye, taya ndi chacha ali m'gulu la 'asaba, otenga chotsala, pomwe mama ali mwa dhawul arham, amene amafikiridwa pokhapokha magulu oyambawo kulibe. Pa uwali wa nikah, m'mazihabu onse anayi mchimwene wa bambo amabwera patsogolo pa mlongo wa mayi. Mwana wa Chipunjabi amene akudziwa maina asanu aja wagwira kale theka la phunziroli asanatsegule buku la fiqh. Amene akudziwa "uncle" yekha ayenera kuyamba ndi kufunsa kuti munthuyu kwenikweni ndi ndani wake.

Ifenso tinabwereka liwu lomweli n'kulitcha ankolo. Linatilowa mosavuta chifukwa khutu lathu limamva ngati layamba kale ndi "a" waulemu. Ndipo tikulipatsa ntchito yofanana ndi ya ku Punjab: kondakitala wa minibasi ndi ankolo, mnzawo wa bambo ndi ankolo, mwamuna wa azakhali ndi ankolo, malume eniake nawonso ayamba kukhala ankolo. Kusiyana kwathu ndi Apunjabi n'kwakuti kulemera kuli mbali ina. M'mabanja ambiri a Chiyao ndi Chichewa mwinimbumba ndi nkhoswe ndi malume, ndipo n'chifukwa chake mwana wathu akawerenga za "uncle" wolera mwana wamasiye, mutu wake umathamangira kwa malume, pomwe wa ku Lahore ungathamangire kwa taya kapena chacha. N'chifukwa chakenso pokonzekera nikah mabanja ena amadabwa kumva shehe akufunsa za abale a kwa bambo, pamene zokambirana zonse anayendetsa ndi malume. Ndipo mtsikana amene wauzidwa kuti "awa ndi ankolo ako" sanauzidwe ngati munthuyo ndi woti angayende naye ulendo kapena kutsala naye yekha m'nyumba.

Titabwereranso m'kalasi muja tinalemba maina asanu a Chipunjabi pabolodi, pambali pake a Chiarabu ndi a Chichewa, n'kuyesa kuika abale a Mtumiki m'malo mwawo. Abu Talib anali wamkulu kuposa Abdullah, ndiye m'Chichewa ndi bambo aakulu, m'Chipunjabi taya, ngakhale kuti mabuku ambiri a Chiurdu amangoti chacha potsata Chiarabu, chimene sichisiyanitsa 'amm wamkulu ndi wamng'ono. Hamza ndi Abbas (Allah asangalale nawo) anaposa Mtumiki ndi zaka zochepa chabe, choncho ndi bambo aang'ono, chacha weniweni. Wina kumbuyo anafunsa ngati panali aliyense woti n'kulowa pa mzere wa mama. Analipo: Sa'd ibn Abi Waqqas, wa fuko la Banu Zuhra, kwawo kwa mayi Amina, amene Mtumiki anamutchula kuti khal wake. Mzere wa malume unalembedwa dzina lake.